SWICHI YOTETEZA MOYO M'NYUMBA YA MAGETSI

(Nkhani yokambidwa pa wailesi)

Mawaya a ESCOM akufika m'misika ndi m'midzi yambiri, ndipo ena mwa inu mukagulitsa fodya kapena mtedza mumaganiza zolowetsa magetsi m'nyumba. Tsono mvetsetsani nkhaniyi.

Magetsi a m'nyumba muno m'Malawi ali ndi mphamvu ya mavoti 230. Amalowa pa waya umodzi nabwerera pa wina. Koma waya ukasupuka, kapena khoswe akautafuna, magetsi amafuna njira ina yopitira m'nthaka. Munthu akagwira ayironi kapena ketulo yowonongeka ataponda pansi ponyowa wopanda nsapato, thupi lake ndilo lisanduka njirayo, ndipo mtima ungathe kuima.

Ambiri amayesa kuti fyuzi idzawapulumutsa. Iai. Fyuzi ya m'pulagi, imene kawirikawiri ndi ya maampu 13, nchito yake ndiyo kuteteza waya kuti usatenthe ndi kubutsa moto. Magetsi okwanira kupha munthu safika ndi pa ampu imodzi yomwe, chotero munthu angafe fyuzi ili chikhalire.

Choteteza munthu ndicho swichi yochedwa RCD, imene amaiika m'bokosi la magetsi. Nchito yake ifanana ndi ya mbusa wowerenga ng'ombe potuluka m'khola m'mawa ndi polowa madzulo. Swichiyi imayeza magetsi otuluka ndi obwerera. Akaperewera ndi mamiliampu 30 okha, ndiwo magawo 30 mwa magawo 1,000 a ampu imodzi, imadziwa kuti ena atayikira kwina, ndipo imazimitsa magetsi sekondi isanathe. Mmodzi wa oyamba kupanga swichi zotere anali Henri Rubin, ku South Africa, m'zaka za m'ma 1950, chifukwa cha ngozi za magetsi m'migodi ya golide, komwe abale athu ambiri anagwirako nchito.

Komabe swichiyi siteteza munthu amene wagwira mawaya awiri onse pamodzi, pakuti apo magetsi amabwerera okwanira. Siteteza ndiponso woba magetsi pa mtengo wa ESCOM.

Sungani malangizo awa:

1. Mawaya alowetsedwe ndi mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA, ndipo aike RCD pamodzi ndi waya wopita m'nthaka, wamtundu wobiriwira ndi wachikasu.

2. Pa swichiyi pali kabatani kolembedwa T. Kadinikizeni miyezi itatu iriyonse. Magetsi akapanda kuzima, itanani mmisiri msanga.

3. Swichi ikamagwa kawirikawiri, musaimange ndi mphira kapena kuichotsa. Zulani mapulagi onse, muibwezere, nimulumikize chimodzichimodzi kufikira mutapeza chiwiya chobvuta.

4. Musalowetse mawaya opanda pulagi m'soketi powapanikiza ndi timitengo ta machesi.

5. Munthu akagwidwa ndi magetsi musamkhudze ndi manja. Zimitsani pa swichi yaikulu. Ngati iri kutali, mkankheni ndi mtengo wouma mutaponda pouma. Pitani naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwino.

Inu mafumu, fotokozani zimenezi pabwalo, makamaka kwa eni magolosale ndi nyumba zochititsa lendi. Mtengo wa swichi ndi wochepa poyerekeza ndi wa maliro.

Tsalani bwino.