Pamene panyowa si pamene palowera madzi

Chizimalupsa chikangogwa, ntchito ya pagalaja pathu imasintha. Aja ankabwera mu Okutobala kudzadandaula za injini yotentha amachepa, kumayamba kufika ena atatsitsa magalasi onse, m'galimoto mukununkha ngati zovala zoiwalika m'beseni. Mawu awo amakhala amodzimodzi: "Amisiri, galimotoyi ikuthonya." Ambiri mwa iwo ndi eni Land Cruiser, Hilux, Prado, Pajero ndi Land Rover, magalimoto owoloka mitsinje osatekeseka, koma ogonja kwa mvula yogwa usiku ali chiimire pakhomo.

Ndakhala ndikukonza mabodi a magalimoto otere kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndimalakalaka mwini galimoto aliyense atachidziwa ndi ichi: pamene panyowa si pamene palowera madzi. Madzi amatha kulowa padenga, n'kuyenda mobisala pamwamba pa nsalu ya kudenga, kutsika ndi mzati wa m'mbali mwa galasi lakutsogolo, n'kukatulukira kumapazi kwa dalaivala. Munthu akaona kapeti yanyowa pamenepo amathamangira kuloza galasi kapena labala wa chitseko, pomwe bowo lenileni lili kutali.

Anthu amadabwanso ndikawauza kuti galimoto siinapangidwe kuti ikanize madzi onse. Inapangidwa kuti madzi ena alowe n'kutulukanso. Taonani chitseko. Mvula ikamenya galasi, madzi ena amadutsa pa labala wa m'munsi mwa galasilo n'kugwera m'mimba mwa chitseko. Zimenezo n'zachibadwa. Pansi pa chitseko pali timabowo totulutsa madziwo, ndipo kuseri kwa chophimba cha m'kati kuli pepala la pulasitiki lomatidwa, lotchinga kuti madzi asadumphire kwa okwera. Tsono ganizirani galimoto imene yatha chilimwe chonse mumsewu wafumbi, monga uja wochoka ku Rumphi kukwera ku Nyika. Fumbi limalowa m'chitseko n'kudikha pansi. Mvula yoyamba imalisandutsa phala, phalalo n'kutseka timabowo tija. Chitseko chimasanduka ndowa. Mukachigwedeza mumamva khuvu khuvu, ndipo madziwo akakwera amasefukira m'kati. Kamtengo kakang'ono kotokosera timaboworo kamathetsa vuto limene ena alipirira labala watsopano. Nthawi zinanso ndimapeza kuti amene anakonza loko kapena kuika sipika anang'amba pepala la pulasitiki lija, osalibwezeretsa.

N'chimodzimodzi ndi kangalande kobisika kamene kali pansi pa mawaipa, pakati pa galasi ndi boneti. Madzi onse otsika pagalasi amagwera mmenemo n'kutulukira m'mbali, kuseri kwa matayala akutsogolo. Koma ife timakonda kuimika galimoto pamthunzi, patsinde pa mango kapena jakaranda. Masamba ndi maluwa amagwera mmenemo, kuwola, kutseka njira. Madzi akadzaza amalowera pakhomo pamene fani imakokera mpweya, n'kugwera kumapazi kwa wokhala kumanzere.

Chaka china kunabwera bambo wina wachikulire ndi Prado yoitanitsa ku Japan, ya denga lotsegula lija. Asanatsike n'komwe anayamba kufotokoza.

"Amisiri, galasili ndasinthitsa kale. Labala wa chitseko ndagula watsopano. Silikoni ndathira machubu atatu. Koma ikangogwa mvula, ndimayendetsa mapazi ali m'madzi."

Ndinawafunsa mmene amaimikira galimoto kunyumba. Anati pakhomo pawo mpotsetsereka, ndipo mphuno ya galimoto imayang'ana kumunsi. Yankho limenelo linandithandiza kuposa chida chilichonse cha m'bokosi langa. Tinachotsa pulasitiki wophimba mzati wakumanja, ndipo ndinawalitsa tochi. Chitsulo chonse cha m'katimo chinali chofiira ndi fumbi la zaka, koma pakati pa fumbilo panali kamzere koyera, kowonda ngati ulusi, kotsika kuchokera kudenga. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pantchito yathu khwawalo limaoneka ndi maso. Tinatsata kamzereko kukwera nako mpaka pakona pa denga lotsegula. Denga lotere lili ndi kathireyi kolandira madzi odutsa pa labala, ndipo m'makona mwake muli timapaipi totsitsa madziwo m'mizati mpaka pansi pa galimoto. Kapaipi ka pakona imeneyo kanali katazuka, kakulendewera. Wina anayesa kukatsegula ndi mpweya wa kompuresa, mphamvu yake n'kukazula pamalo pake. Tinakatsuka, kukabwezera, kukamanga. Nditathira kapu ya madzi pakonapo, onse anatulukira pansi, kuseri kwa tayala. Bambo aja anangogwira pakamwa, chifukwa galasi limene anataya linalibe mlandu.

Timapaipi timeneti musamatitokose ndi waya wachitsulo, amatiboola. Chingwe cha pulasitiki chokhuthala, ngati chija cha makina otchetchera kapinga, chimalowa bwino osawononga kanthu.

Musanayambe kusaka bowo, tsimikizani kaye kuti madziwo ndi a mvula. Akhudzeni ndi chala, muwanunkhize. Ngati akuterera, ali ndi mtundu wobiriwira kapena wofiirira ndi fungo lotsekemera, amenewo ndi madzi a mu ladiyeta, akuchokera pa hita ya kuseri kwa dashibodi, ndipo mukazengereza injini idzatentha. Ngati ndi oyera ndipo amabwera ngakhale tsiku ladzuwa mukayatsa choziziritsa mpweya, ndiye kuti kapaipi kake kotayira madzi pansi katsekeka, kawirikawiri ndi matope.

Mukatsimikiza kuti ndi mvula, pakufunika anthu awiri, paipi ya madzi, tochi ndi kudekha. Chotsani mamati, tukulani kapeti, umitsani paliponse. Mmodzi akhale m'kati ndi tochi, zitseko zitatsekedwa. Wapanja athire madzi pang'onopang'ono ngati mvula, osati mofinya kukamwa kwa paipi, pakuti madzi amphamvu amalowa ngakhale pamene palibe vuto. Ndipo ayambire pansi. Apa ndi pamene anyamata ambiri amalakwitsa: amayamba ndi denga, madzi n'kuyenderera galimoto yonse, ndipo akaonekera m'kati sudziwa kuti alowera pati. Yambani m'munsi mwa chitseko, mukhalepo mphindi 5. Pakapanda kuoneka kanthu kwerani pagalasi la chitseko, kenako pansi pa mawaipa, kenako m'mbali mwa galasi lakutsogolo, denga pomalizira. Dontho loyamba likaoneka, imani pomwepo. Ngati galimoto imathonya pokhapokha ikaima mopendekeka, iyeseni itapendekeka chomwecho.

Labala wa chitseko ndimamuyesa ndi pepala. Ndimatsekera chitseko pakapepala n'kukoka. Pamene labala akugwira bwino, pepala limakana. Pamene lasololoka mosavuta, pali mpata. Pamagalimoto oyenda m'mabampu, nthawi zambiri labala amakhala wabwinobwino, koma chitseko ndiye chatsika chifukwa mahinjesi adyeka. Kugula labala pamenepo n'kutaya ndalama. Njira ina ndi ya sopo: tsekani magalasi onse, yatsani fani mwamphamvu ikukoka mpweya wakunja, pakani thovu la sopo m'mphepete mwa galasi ndi m'misoko ya denga. Pamene pali bowo, thovu limafufuma.

Magalimoto a m'tchire ali ndi matenda awoawo, ndipo ambiri timawapatsa tokha. Timaikapo magetsi owonjezera, winchi, wailesi yolankhulirana, paipi yokokera mpweya pamwamba. Chilichonse mwa izi chimafuna bowo kapena waya wodutsa pakhoma la pakati pa injini ndi okwera. Mawaya a kufakitale amadutsa pa labala wothina. Woika magetsi wachangu amangobaya labalayo ndi sikuludiraiva n'kukankha waya wake. Madzi amatsata waya ameneyo ngati nyerere pa nthambi, mpaka kukagwera pa bokosi la mafyuzi. Waya wotere azitsika kaye pang'ono asanalowe pakhomapo, kuti dontho ligwere panja.

Keliyala ya padenga nayo ndi ina. Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene inayamba kupangidwa mu 1984 ndipo ndi yomwe timaiona ngati ambulansi m'zipatala za m'maboma, ili ndi ngalande m'mphepete mwa denga, ndipo miyendo ya keliyala imaluma pamenepo. M'ngalandemo muli msoko wa zitsulo womatidwa ndi phula. Mukasenzetsa matumba a chimanga ndi zigubu za dizilo padenga, n'kuyenda mumsewu wamabampu, phula lija limang'aluka mng'alu wochepa ngati tsitsi, ndipo umenewo ngwokwana. Land Rover Defender yakale, imene inasiya kupangidwa mu 2016, bodi yake ndi zidutswa za aluminiyamu zolumikizidwa ndi mabawuti ndi maliveti, motero misoko yofunika kuiyang'ana ndi yambiri. Zopangidwa chisanafike chaka cha 2007 zilinso ndi timazenera tiwiri ta mpweya pansi pa galasi lakutsogolo, ndipo thonje lake lotsekera likauma ndi dzuwa, madzi amagwera m'maondo.

Tsopano za silikoni, pakuti apa mtima umandipweteka. Silikoni wa m'bafa, uja wonunkha ngati vinega, amatulutsa asidi pouma, ndipo pachitsulo chokalika amayambitsa dzimbiri. Penti sagwira pa iye. Choipitsitsa, guluu weniweni wa galasi sagwira pamalo pamene padutsa silikoni, ndiye tsiku lodzakonza bwino timatha maola tikupala. Ndaonapo mafelemu a galasi atadyeka mpaka kubooka pansi pa mzere wa silikoni umene mwini wake ankati wamupulumutsa. Pamisoko ya bodi pamafuna phula la polyurethane, lomwe limapindika pamodzi ndi galimoto ndipo limalola penti. Phula lakale lichotsedwe, dzimbiri lipalidwe mpaka chitsulo chiwale, papakidwe penti woyamba, kenako phula latsopano. Galasi lomata ndi guluu likamathonya, kuchiza kwake n'kulichotsa n'kulimatanso. Kupaka pamwamba n'kubisa chilonda.

Bowo likatsekedwa ntchito siinathe. Pansi pa kapeti pali chinsalu chokhuthala chomwe chimamwa madzi ngati siponji. Pamwamba pakhoza kuoneka pouma pomwe pansi pali dziwe. Pamenepo mpamene pamadutsa mitolo ya mawaya, ndipo mapulagi ake akakhalitsa m'chinyezi amachita dzimbiri lobiriwira. Zotsatira zake ndi magetsi oyaka okha, magalasi okana kukwera, batire lotha usiku. Pa Defender ya injini ya Td5, kompyuta ya injini ili pansi pa mpando wa dalaivala, ndipo batire lili pansi pa mpando winawo. Nkhungu yomera m'kapeti nayo siyabwino kwa ana ndi odwala mphumu. Choncho masulani mipando, tulutsani kapeti ndi chinsalu chake, muziyanike padzuwa mpaka ziume ndithu, ngakhale zitenge masiku awiri kapena atatu. Muonenso ngati zitsekerero za labala za pansi pa bodi zonse zilipo, chifukwa wina akatsuka matope amatha kuzichotsa n'kuiwala kubwezera.

Mvula yathu imafika mpaka mu Epulo, ndipo kumapiri a Thyolo ndi Mulanje chiperoni chimadzapitiriza pamene yalekera. Loweruka likubwerali, tukulani mati ya kumapazi kwanu, mudinikize kapeti ndi chikhatho mwamphamvu. Chikhatho chikabwerako chonyowa, musapite kukagula silikoni. Itanani mnzanu, mutenge tochi ndi paipi, muyambire pansi.