Pakati pa Lupsa ndi Chizimalupsa

Mphunzitsi wina wa kufupi ndi Linthipe, amene amadziwa kuti ntchito yanga ndi kufufuza miyambo ya anthu ndi chiyambi chake, anandiimitsa tsiku lina pamsika, nandifunsa funso limene anati lamusautsa zaka zambiri m'kalasi: kodi nyengo ija Azungu amaitcha spring, imene mabuku a ana amaijambula ndi maluwa ndi tiana ta nkhosa, pa Chichewa tiitche chiyani? Anati ena amalemba kuti masika, ndipo ena, posokera kutali ndithu, amalemba kuti kasupe. Ndinamuyankha mwachidule pomwepo, koma popeza funso lotuluka m'kamwa mwa mmodzi limakhala lili m'mitima ya ambiri, ndaona kuti n'koyenera kuliyankha modekha muno, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masika ndi nthawi imene chimanga chacha, maungu ali mbwee m'minda, ndipo mwana wamasiye yemwe agona wokhuta. Kasupe ndi madzi otumphuka pansi. Nyengo imene anzathu a kumpoto kwa dziko lapansi amaikondwerera m'miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi ndi ina: ndiyo nthawi imene nthaka, itagona ngati yakufa pansi pa chisanu choopsa miyezi ingapo, imayamba kutsitsimuka, mitengo niphukira, anthu natulutsa mbewu zawo kukafesa, nkhokwe zili pafupi kutha. Ife ofufuza miyambo, tikafika pa chikondwerero chilichonse, sitiyamba ndi ng'oma kapena zovala za ovina, ngakhale izo ndizo zimakopa maso. Timayamba tasuzumira m'nkhokwe, kenaka tiyang'ana kumwamba, tifunse kuti anthu awa, pa mwezi uno, akuopa chiyani ndipo akuyembekeza chiyani. Chinsinsi cha ntchito yathu n'chomwecho basi.

Mukagwiritsa muyeso umenewu, miyambo ya kutali imaleka kudabwitsa. Ku Iran ndi maiko oyandikana nako, chaka chatsopano chotchedwa Nowruz chimayamba pa 20 kapena 21 Malichi, pamene usana ndi usiku zilingana. Anthu amasesa nyumba, amadumpha moto, amameretsa tirigu m'mbale, ndipo pa tsiku la 13 amakataya mmerawo m'madzi oyenda. Ku India, usiku woti mawa ndi Holi, tsiku lija amathirana utoto, amasonkha chimoto chachikulu. Ku Ireland ndi ku Scotland, makolo awo pa 1 Meyi ankapititsa ng'ombe pakati pa moto uwiri asanazitumize kubusa. Ndipo Paskha wa ana a Israyeli amagwa m'mwezi wa Abibu, dzina limene limanena za ngala za barele zongokhwima kumene. Moto, kusesa, mmera, ngala zoyamba: anthu a maiko otalikirana anafika pa zinthu zofanana chifukwa onse anali alimi ndi abusa oyang'ana kumwamba ndi mtima wolendewera.

Tsono kwathu kuno, pamapiri a Dedza, nthawi yoteroyo ili kuti? Imabwera pamene chisanu cha Juni ndi Julayi, chija chimalowa m'mafupa ku Bembeke, chapita, ndipo dzuwa layamba kuswa mtengo. M'mwezi wa Seputembala ndi Okutobala tchire lapsa, mapiri a Chongoni ndi Dedza ada bii ndi lupsa, utsi waphimba chigwa cha Mtakataka kotero kuti nyanja sioneka, anyamata ali kalikiliki kukumba mbewa, akamvulumvulu akunyamula phulusa m'minda yososedwa. Ndipo pakati pa kuuma konseku, dontho la mvula lisanagwe ngakhale limodzi, mitengo ya mombo ndi tsamba imatulutsa masamba anthete ofiira ngati magazi, phiri lonse nkusanduka la mawangamawanga. Ine ndaona zimenezi chaka ndi chaka, koma mpaka lero ndimaima panjira kuziyang'ana. Kenaka nyenje zilira, mitambo iunjikana, ndipo imagwa mvula ija makolo anaipatsa dzina lokoma koposa, chizimalupsa, imene ntchito yake ndi kuzima moto ndi kutsuka phulusa, osati kubzalira. Mlimi wanzeru amaileka ipite, nadikira inzake. Apa ndiye pali kutsitsimuka kwa dziko lathu, ndipo apa ndiye panagona miyambo yaikulu ya Achewa.

Nthano ya chiyambi cha anthu, imene imati zinachitikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imanena kuti dziko linali louma ndi lopanda moyo, kufikira tsiku limene mitambo inachita bii, mphezi zinang'anima, mvula inagwa, ndipo Chauta anatsika pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, ndi nyama zonse, mapazi awo nadindika pathanthwe limene linali likali lofewa. Anakhala mwamtendere mpaka munthu anapeka moto, tchire linayaka, nyama zinathawa, kupatula galu ndi mbuzi, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Wansembe wina wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anafufuza kwambiri chipembedzo cha makolo m'dziko muno, anaonetsa kuti nthano iyi ikulondola chaka cha mlimi: mvula ibweretsa moyo ndi chiyanjano, moto wa m'chilimwe ubweretsa kubalalika, ndipo dziko lidikiranso mvula. Ine ndimavomerezana naye ndi mtima wonse, pakuti aliyense wokulira m'mapiri muno nthanoyi amaiona ndi maso chaka chilichonse.

Mvula ikachedwa, mitima ikayamba kuda, mafumu ankatumiza nsembe ku Msinja, kumene kunkakhala Makewana, mayi wa ana onse, amene ankavala nsalu yakuda, mtundu wa mitambo ya mvula, ndipo tsitsi lake silinkametedwa, poopa kuti kulidula kungadule mvula. Kumeneko kunali ng'oma yopatulika yotchedwa mbiriwiri. M'midzi namonso munali tiakachisi tating'ono patsinde pa mtengo, kumene akuluakulu ankathira nsembe ya ufa ndi mowa, mudzi wonse utadika, ndiye kuti amuna ndi akazi atalekana mphasa, kuti pasakhale wotentha woipitsa nsembe. Nkhondo za m'zaka za m'ma 1800 zinapasula Msinja, koma chikumbutso chake sichinafe. Ndipo m'mapanga a Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, malo 127 onse pamodzi, muli zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zina za chinamwali, zina za Nyau, zimene ofufuza amaziona kuti zikukhudza kubala, mvula ndi maliro.

Pamene ndinkayamba ntchito imeneyi ndinkafunsa akuluakulu tsiku ndi mwezi wa mwambo uliwonse, kuti ndilembe m'kope. Agogo ena a m'mudzi wa m'munsi mwa Chongoni anandiyankha mwaulemu kuti tsikulo silikhala m'buku, likhala m'mitambo. Ndipo m'malo mondiuza zambiri, anandilowetsa m'khitchini mwawo, natsitsa kudenga ngala za chimanga chamakolo zimene zinapachikidwa pamwamba pa moto chikololereni, zakuda ndi mwaye kuti anankafumbwe asaziyandikire. Anakhala pamphasa, lichero pamiyendo, nayamba kutonola ndi chala chachikulu, njere za kunsonga ndi kutsinde akuziika padera kuti zikhale za nkhuku, zapakati zokhazokha ndizo za mbewu. Njala inali itayamba kale kugogoda pakhomo pawo, adzukulu akudya kamodzi patsiku, koma panalibe mwana anayerekeza kukazinga chimanga chimenecho. Tsiku limenelo ndinazindikira chifukwa chake miyambo ya nyengo yobzala, kulikonse pansi pano, imasakaniza chimwemwe ndi mantha: munthu amatenga chakudya chotsiriza cha ana ake, nachikwirira m'dothi, osadziwa ngati kumwamba kudzayankha.

Nanga Pasaka, amene kwa anzathu a kumpoto ndi chikondwerero cha mphukira? Chiyambire msonkhano wa ku Nicaea m'chaka cha 325, mpingo unafuna kuti Akhristu onse akumbukire kuuka kwa Ambuye tsiku limodzi, ndipo lamulo limene linakhazikika ndi lakuti likhale Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi. N'chifukwa chake tsikuli limayendayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Amishoni atafika, monga Ansembe Oyera amene anakhazika Mua mu 1902, anabwera nalo tsikulo monga linalili, ndipo kuno linagwera pa masika, mondokwa uli pamoto, nzimbe ndi mtedza zili m'manja mwa ana. Ine sindiona cholakwika pamenepo. Paskha woyamba uja anali wa ngala zoyamba kucha, ndipo tikamadya zam'munda zatsopano pa Pasaka tili pafupi ndi chiyambi chake kuposa amene amagula mazira a chokoleti. Angoni a Mpezeni nawonso, pa Ncwala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, salawa zatsopano mfumu isanalawe. Ndipo mipingo ina kuno, poona kuti mtima wa mlimi umanjenjemera mu Novembala osati mu Epulo, imadalitsa mbewu anthu asanabzale. M'menemo ndimaona nsembe ya makolo ija italowa m'nyumba ya Mulungu ndi chovala chatsopano.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ana athu akhoza kutchula nyengo zinayi za ku London, koma mukawafunsa chizimalupsa amayang'ana pansi. Ndipo ena mwa ife akuluakulu tinafulumira kutcha zonse za makolo zachikunja, tisanafunse n'komwe kuti ankatanthauzanji, chonsecho mawu a akuluakulu akoma akagonera. Kwa mphunzitsi uja ndinena kuti: musavutike kusaka liwu limodzi, auzeni ana kuti kumpoto kuli nyengo ya mphukira, ndipo muwatulutse panja mu Okutobala akaone yawo paphiri.

Kwa inu owerenga, pempho langa ndi ili. Mvula ya chaka chino isanagwe, pitani kwa agogo amene atsala m'mudzi mwanu, muwafunse pamene panali kachisi, mtengo wake unali wanji, ankatsogolera nsembe anali a banja liti, ndipo ankadziwira chiyani kuti mvula yobzalira yafika. Mulembe zimene akuuzeni m'mawu awo omwe, musakonze kanthu, ndipo muwerengere ana anu madzulo.