Mwana Wofuna Kuphunzira za Nkhalango

Abale anga a ku Nsaru, mwana akanena kuti afuna kukaphunzira za chilengedwe ku Bunda, musamseke ayi. Ntchito yake ndi iyi: kufufuza m'mene mitengo, nthaka, madzi ndi njuchi zimadalirana, ndi kuphunzitsa ena zimene wapeza.

Taonani Dzalanyama, nkhalango yotetezedwa chiyambire 1922, kumene mtsinje wa Lilongwe uchokera. Mitengo ikatha chifukwa cha makala, madzi a mvula saloŵa pansi; akokolola nthaka nakaitaya m'damu la Kamuzu. Munthu wophunzirayo amayesa zitsa za mombo chaka ndi chaka, natisonyeza kuti zimaphukanso tikazitchinjiriza ku moto wolusa ndi mbuzi.

Zipatso za ntchito yotere zimachedwa kupsa, koma adzukulu anu adzazidya. Mlimbikitseni mwanayo.