A Banda ankapereka mkazi, koma mpando ankangouonera patali

Kaimeni pakati pa msika wa Limbuli kapena pa Chitakale tsiku la msika, mufuule kuti "Nabanda!" kenaka "Naphiri!" Muona amayi angapo akusiya kuyeza chimanga n'kucheuka. Ambiri amangoti ndi maina. Koma kumbuyo kwa mifunda iwiriyi kuli ukwati umene unagwira ufumu wa Amaravi zaka mazanamazana, ndipo Amang'anja a kuno ku Mulanje ndi zidzukulu za ufumu umenewo.

Nkhani yake ili tere. A Phiri atafika m'dziko muno anapeza eni nthaka, ndipo mfunda waukulu pakati pawo unali wa a Banda. Alendowa anali ndi ufumu, mfumu yawo ndiye Kalonga, koma za mvula ndi akachisi zinali m'manja mwa a Banda. Nanga mfumu ingalamule bwanji anthu mvula ikakana? Mmalo momenyana mpaka kalekale, anagwirizana chinthu chimodzi: mkazi wamkulu wa Kalonga aliyense azichokera kwa a Banda, ndipo udindo wake uzitchedwa Mwali.

Mwaliyu sanali wongophika nsima ayi. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, iye ndiye anali ndi mawu pa za nsembe, ndipo kudzera mwa iye a Banda ankalowa m'bwalo la mfumu.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Amaravi amawerenga mtundu kuchikazi, choncho mwana wa Mwali anali Banda ngati mayi ake. Kutanthauza kuti mwana wobadwira m'nyumba ya Kalonga momwemo, ufumu wa bambo ake ankangouonera patali! Wolowa ufumu ankachokera m'mimba ya Nyangu, mayi kapena mlongo wa Kalonga, wa kwa a Phiri. Mbiri ya makolo imati Undi atakangana ndi abale ake pa za mpando, anasamukira ku Mano, dera la Tete ku Mozambique, atatenga Nyangu ndi akazi ena a kubanja lachifumu. Munthu wochenjera ameneyo: anasiya mpando koma ananyamula nkhokwe ya mafumu. Mpando wa Kalonga Gawa Undi lero uli ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa amapita kukalamba mwezi wa Ogasiti.

Kuno kummwera kunali Lundu, Phiri winanso, amene mphamvu zake zinachokera kuchigwa cha Shire n'kufalikira chakum'mawa mpaka m'dziko la Amakua. Mu 1622 Muzura, mothandizidwa ndi Apwitikizi, anamugonjetsa. Onani, nkhondo zazikulu zinali za a Phiri okhaokha, osati za akuchikazi a mfumu.

Inu amene mumaoda katundu wa ku China, imvani mmene zinkakhalira kumeneko. Amanchu analamula dzikolo kuyambira 1644 mpaka 1912, ndipo kwawo ufumu unkapita kwa mwana wa mfumu. Ndiye banja lokwatitsa mwana wamkazi kunyumba yachifumu linkadziwa kuti mawa mdzukulu wawo ndiye mwini dziko. Banja la Tong, lotchedwanso Tunggiya, linadya bwino pamenepa. Mayi a mfumu Kangxi anali a kwa Tong. Kangxiyo anakwatiranso ana awiri a malume ake, Tong Guowei, chisuweni chenicheni ngati cha kumudzi kwathu. A kwa Tong anadzaza m'maudindo mpaka anthu ankati theka la bwalo la mfumu ndi lawo.

Kangxi atamwalira mu 1722, mlamu wake Longkodo, yemwe anali mkulu wa asilikali olonda mzinda wa Beijing, ndiye analengeza kuti wolowa ufumu ndi Yongzheng. Mfumu yatsopanoyo poyamba inkamutchula malume pagulu. Sipanathe zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1727, inamupeza ndi milandu 41 n'kumutsekera, ndipo anafera momwemo mu 1728. Mlamu wa Kalonga sakanalota zoika mwana wa mlongo wake pampando, ndiye mwina n'chifukwa chake ankagona tulo.

Lero zinthu zinasokonekera. Kubwera kwa Angoni, sukulu ndi ziphaso kunachititsa ambiri kutenga mfunda wa bambo. Ngakhale Kamuzu amene: bambo ake anali Mphonongo Banda, mayi ake Akupingamnyama Phiri. Mwa chikale, Ngwaziyo ikanakhala Phiri!

Koma ku Mulanje, Amang'anja, Alomwe ndi Ayao onse chikamwini akadali nacho, ndipo ufumu wa m'mudzi nthawi zambiri umapitabe kwa mwana wa mlongo. Vuto limabuka anthu akatenga lamulo la mpando n'kuliika pa okala, njinga ndi mpamba wa geni. Bambo akangotsikira kuli chete, adzukulu ndi alongo aja n'kufika ndi matumba, ati "n'za malume athu," ana ndi mayi wawo n'kutsala manja lende ngati ana a Mwali. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati ngati malemu sanasiye wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, makolo ndi amene ankadalira malemuyo, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo.