Agogo Aakazi Akhalitsa, Koma Akhala Bwanji?

Munthu akayenda m'midzi ya ku Chileka kapena ku Lirangwe, nawerenga nkhalamba zimene apeza zikuwothera dzuwa pakhonde, adzaona kuti zambiri ndi zazikazi. Si kuno kokha ayi. M'Malawi monse mkazi amakhala ndi moyo zaka 6 kapena 7 kuposa mwamuna, ndipo m'maiko akutali monga Mexico akazi amakhalitsanso chimodzimodzi. Kodi amuna amatha ndi chiyani?

Choyamba ndi fodya ndi mowa. Mu 1974 agogo athu ambiri anali anyamata, ndipo zizolowezi za unyamata sizitha msanga. Pa kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa chaka cha 2009 anapeza kuti mwa amuna 100 alionse, 26 amasuta fodya, koma mwa akazi 100, atatu okha. Pa mowa, amuna anali 30, akazi 4.

Tatchula 1974 pakuti ndicho chaka chimene boma linaletsa Wenela kulemba anthu ntchito kuno, itagwa ndege ku Francistown imene inanyamula Amalawi ochokera ku migodi ya ku Joni. Kufikira chaka chimenecho amuna ambirimbiri ankakwera ndege pa Chileka pompa kupita kukakumba golide. Anabwerako ndi njinga, wailesi ndi majekete, komanso ena anabwera ndi fumbi la miyala m'mapapo, limene silichoka, ndipo limatsegulira njira chifuwa chachikulu. Onjezanipo kuti mkazi amazolowera chipatala kuyambira ali ndi pakati mpaka kusikelo ya ana, pamene mwamuna amati "ndingolimba," nafika ku Mlambe kapena ku Queens atanyamulidwa kale.

Tsono wina angati akazi ndiwo amwayi. Komatu apa ndipo pali nkhani. Ophunzira a ku yunivesite ya Pennsylvania akhala akutsata mabanja a ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, ndipo mu 2013 anawerengera motere: mkazi wakumudzi wa zaka 45 anali ndi zaka 28 zotsala, mwamuna zaka 25. Koma mwa zaka 28 za mkaziyo, pafupifupi 16 zinali zoti thupi likumulepheretsa ntchito monga kulima ndi kusenza katundu, pamene kwa mwamuna zinali 10.

Ife sitidabwa nazo. Msana umene wasenza ndowa ndi nkhuni zaka 50, miyendo imene yabereka ana asanu ndi awiri, maso amene aphikira mu utsi wa m'khitchini tsiku ndi tsiku, zonsezi sizipha msanga, koma zimapweteka. Ndiponso m'zaka za Edzi, mankhwala aulere asanayambe mu 2004, agogo aakazi ambiri anaika ana awo m'manda natenga adzukulu kuwalera. Mwamuna akadwala, mkazi wake amamuphikira phala. Mkaziyo akadzayamba kudwala, kawirikawiri amakhala ali kale wamasiye, ndipo womutungira madzi ndi mdzukulu amene mwina ali nafe m'kalasi muno.