Amisiri Osoka ndi Zigamba Zobwereka

Mukatumiza ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money, uthenga umabwera musanabweze foni m'thumba. Kuti zimenezi zitheke, pali munthu amene anakhala pansi n'kulembera kompyuta malangizo, mzere ndi mzere: iyambe yaona ngati ndalama zilipo, ichotse kuno, iwonjezere uko, ndipo netiweki ikaduka pakati ibweze zonse mwakale. Malangizowa amatchedwa khodi, ndipo owalemba ndiwo amisiri a mapulogalamu a kompyuta.

M'mafilimu amawaonetsa akutaipa ngati mvula ya matalala. Mukakhala nawo tsiku limodzi mudzadabwa: nthawi yambiri amangoyang'ana pasikirini, dzanja lili kutsaya, akuwerenga zimene analemba ena. Ntchitoyi ili ndi zigawo. Ena amakonza zimene inu mumaona ndi kudina, ndipo chilankhulo chawo chachikulu ndi JavaScript, chimene Brendan Eich analemba mu 1995. Ena amagwira kuseri, kumene kumasungidwa mayina ndi ndalama, pogwiritsa ntchito Python, Java kapena PHP. Ena amalipidwa kuti aziyesa kuswa pulogalamu anthu asanayambe kuigwiritsa ntchito. Enanso amalondera maseva, ndipo ndiwo amadzutsidwa usiku zinthu zikaima. Ku Malawi, amisiri a bungwe la Baobab Health anapanga mapulogalamu osungira mbiri ya odwala m'zipatala, oti namwino azingogwira pasikirini ndi chala.

Onsewa amafanana pa chinthu chimodzi: palibe amene amayamba pa nsalu yatsopano. Ali ngati telala wapakhonde amene thumba lake ladzaza zigamba. Wina akafuna kusanja madeti kapena kuona ngati nambala ya foni yalembedwa bwino, amayamba wafufuza ngati mnzake anathana nalo kale vutolo. Mu 2008 Jeff Atwood ndi Joel Spolsky anatsegula Stack Overflow, bwalo lofunsirana mafunso otere. Chaka chomwecho kunabadwa GitHub, nkhokwe ya khodi yomangidwa pa Git, chida chimene Linus Torvalds analemba mu 2005 chosunga mbiri ya kusintha kulikonse. Microsoft inagula GitHub mu 2018 pa mtengo wa madola 7.5 biliyoni. Kubwerekana kumeneku sikuchititsa manyazi. Ndiko kumathandiza mnyamata wa ku Mzuzu kupanga m'sabata imodzi chimene kale chinkafuna gulu lonse.

Koma chigamba chobwereka chili ndi mwini wake, ndiponso chili ndi mabowo ake. Mu Malichi 2016 mmisiri wina, atakangana ndi kampani ina pa nkhani ya dzina, anachotsa ntchito zake zonse munkhokwe ya npm. Pakati pake panali kachidutswa kotchedwa left-pad, ka mizere 11 yokha, kongowonjezera mipata kapena maziro kumanzere kwa mawu. Mapulogalamu zikwizikwi amene ankakadalira, ena mosadziwa n'komwe, analephera kumangika mpaka eni nkhokweyo atakabwezeretsa.

Nkhani ina ndi ya Andreas Lundblad. Mu 2010 anayankha funso pa Stack Overflow ndi kakhodi ka Java kosonyeza kukula kwa fayilo m'njira yoti munthu amve. Anthu anakakopera kwambiri kuposa kena kalikonse ka Java pabwalopo. Mu 2019 mwini wakeyo anaulula kuti kanali ndi cholakwika: fayilo ya mabayiti 999,999 kankaisonyeza ngati 1000.0 kB m'malo mwa 1.0 MB. Kwa zaka zonsezo ankakakopera ambiri, koma okayesa pa nambala za m'malire anali ochepa.

Nthawi zina mtengo wa chigamba chobwereka umakhala wowawa. Pa 4 Juni 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika patangodutsa masekondi pafupifupi 40 itanyamuka ku Kourou. Khodi yoyezera kayendedwe anaitenga ku Ariane 4, kumene inkagwira bwino ntchito. Roketi yatsopanoyo inali ndi liwiro lina, nambala inakula kuposa malo amene anaikonzera, ndipo kompyuta inasokonezeka. Chigambacho chinali chabwino, koma anachisokerera pa malaya ena.

N'chifukwa chake malangizo amene akuluakulu a ntchitoyi amapatsa ongoyamba kumene amamveka wamba. Uthenga wa cholakwika uziuwerenga mpaka kumapeto, chifukwa nthawi zambiri umatchula fayilo ndi mzere pomwe pavuta. Usaike mu pulogalamu mzere umene sungathe kuufotokozera mnzako. Uziyesa ndi ziro, ndi malo opanda kanthu, ndi nambala yaikulu kwambiri. Mayina a zinthu azinena zimene zili mkatimo, poti amene adzawerenge khodiyo pakatha miyezi 6 mwina ndiwe wemwe, utaiwala zonse. Uzisunga ntchito mu Git pang'onopang'ono, makamaka kumene magetsi amazima osatsanzika. Pasiwedi isalembedwe mu khodi. Lachisanu madzulo si nthawi yotulutsa zatsopano, pokhapokha ngati ukufuna kugona mu ofesi. Ukakakamira, fotokozera vutolo mokweza, ngakhale kwa kabakha kapulasitiki, monga linanenera buku la The Pragmatic Programmer la mu 1999. Pofotokozapo ndi pamene cholakwika chimaonekera. Zikakanikabe, funsa, pajatu safunsa anadya phula.

M'makampani ambiri khodi siilowa mu pulogalamu mnzako asanaiwerenge. Kwa wachinyamata amene wangochoka ku yunivesite, tsiku loyamba kubwezeredwa ntchito yake ili ndi ndemanga 20 limawawa ngati kusololetsa telala ulusi wa tsiku lonse. Koma umisiri weniweni amauphunzirira pamenepo.

Kuchokera mu 2021 pamene kunabwera GitHub Copilot, kenako ChatGPT mu 2022, zida zimene zimakulemberani khodi mukazipempha, zigamba zimabwera zodulidwa kale, pa masekondi ochepa. Thumba la telala ladzaza kuposa kale. Komabe ndalama za mayi wogulitsa tomato zikasowa pakati pa foni ziwiri, amene amaitanidwa kudzafotokoza mzere umene walakwa ndi munthu amene anausokerera.