Timu ya Yunivesite ya Marshall m'chaka cha 1971

Pa 14 November 1970, ndege yomwe inanyamula timu ya mpira wa ku America ya Yunivesite ya Marshall inagwa pafupi ndi mzinda wa Huntington, ku West Virginia. Anthu onse 75 anafa, kuphatikizapo osewera 37 ndi mphunzitsi wawo wamkulu, Rick Tolley.

Kuti masewerawa apitirire pasukuluyi, panali chopinga chimodzi chachikulu. Panthawiyo, malamulo a bungwe la NCAA sankalola ophunzira a chaka choyamba kusewera m'timu yaikulu. Bungweli linapereka chilolezo chapadera kwa Marshall, ndipo mphunzitsi watsopano, Jack Lengyel, anasonkhanitsa anyamata ongoyamba kumene, osewera ochepa amene sanakwere nawo ndegeyo, komanso ena ochokera ku masewera ena.

M'chaka cha 1971 timuyi inapambana masewera 2 okha mwa 10: inagonjetsa Xavier 15-13 ndi Bowling Green 12-10. Kungoyang'ana manambala, chinali chaka chofooka, koma ndi chomwe chinateteza timuyi kuti isatheretu.

Chaka chilichonse pa 14 November, madzi a kasupe wachikumbutso pasukulupo amatsekedwa kufikira nyengo yozizira itatha.